Agogo nawonso akaone njovu ku Nkhotakota

Mayi anga ali ndi zaka 74. Nditawauza kuti tipite kukaona nyama ku nkhalango ya Nkhotakota, anaseka n'kunena kuti maulendo otere ndi a ana a sukulu, osati a munthu wa maondo ophwanya ngati iwo. Achikulire ambiri amaganiza chomwecho. Koma tinapita ndithu, ndipo ndinaona kuti nkhalango imalandira aliyense, bola ulendowo ukonzedwe molingana ndi thupi la wachikulireyo, osati ndi changu cha adzukulu.

Nkhalangoyi ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800, ndipo msewu wochoka ku Nkhotakota kupita ku Kasungu umadutsa m'kati mwake. Muli mitengo ya mombo ndi misuku, phiri la Chipata, ndiponso mtsinje wa Bua, momwe nsomba za mpasa zimakwera kuchoka m'nyanja kukaswana. Opha nyama mozembera anatsala pang'ono kumaliza njovu za m'menemo, moti zinatsala zosakwana 100. Mu 2015 bungwe la African Parks linayamba kusamalira malowa mogwirizana ndi boma, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Lero mulinso njati, mphalapala, ngoma ndi njiri.

Choyamba kuganizira ndi nyengo. Miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti ndi yabwino kwa achikulire, chifukwa kumakhala kozizira ndipo misewu imakhala youma. Mu Okutobala dzuwa limaswa mtengo. Munthu akamakula sachedwa kutha madzi m'thupi, komanso samva ludzu msanga. Choncho musadikire kuti agogo apemphe madzi, apatseni pafupipafupi. Nyamukani m'mamawa, pamene nyama zikuyendayenda, ndipo masana apumule pamthunzi.

Chachiwiri ndi mankhwala. Amene amamwa mankhwala a BP kapena a shuga awatenge okwanira, ndi ena apadera a tsiku limodzi kapena awiri, pakuti galimoto imatha kuwonongeka m'njira. Wodwala shuga asadumphe chakudya. Nthochi, mtedza wokazinga ndi mbatata yophika n'zosavuta kunyamula. Ngati ali ndi vuto la mtima, ayambe aonana ndi adokotala ulendo usanafike.

Chachitatu, musawakakamize kuyenda mtunda wautali. M'nkhalango yothithikana ngati iyi nyama sizioneka msanga monga kudambo. Amene amaziona ndi munthu wodekha, ndipo pamenepa achikulire amatiposa. Ife tinkangocheuka uku ndi uku, koma mayi, atakhala phee moyang'ana mtsinje, ndi amene anayamba kuona nthambi zikugwedezeka kutsidya. Patapita kanthawi panatulukira njovu ndi mwana wake. Mverani malangizo a alonda a nkhalango. Musatsike m'galimoto pamene sanakuloleni, ndipo musayandikire madzi chifukwa mu Bua muli ng'ona.

Koma chimene ndikufuna kuti musaiwale ndi kachirombo kakang'ono kotchedwa kashembe. Ntchentche imeneyi imapezeka m'nkhalango ya Nkhotakota, imaluma masana, ndipo ina imafalitsa matenda a kaodzera. Imakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, komanso imatsatira galimoto ikamayenda. Agogo avale zovala zamanja aatali, zochindikala, zamtundu wotuwa ngati khaki. Chitenje chifike m'mapazi, avalenso masokosi. Pamalo pamene akashembe achuluka, tsekani mawindo.

Si kashembe aliyense amene ali ndi matenda, ndipo anthu ambiri olumidwa sadwala. Vuto ndi lakuti kaodzera amayamba ngati malungo: kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya m'mfundo, kawirikawiri pakatha sabata imodzi mpaka atatu. Nthawi zina pamene analuma pamatuluka chotupa chopweteka. Wachikulire akayamba kusokonezeka kapena kugona masana kwambiri, a m'banja amangoti ndi ukalamba, nthenda n'kumakula. Kaodzera wa kuno kwathu amathamanga, ndipo popanda chithandizo amapha. Mankhwala ake alipo. Ngati agogo atentha thupi mutabwerako, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo muwauze achipatala momveka kuti munali ku nkhalango ya nyama. Akayeza malungo n'kusawapeza, kapena akamwa mankhwala a malungo koma osachira, bwererani ndipo mupemphe kuti ayezenso kaodzera. Usiku, monga mwa nthawi zonse, agone m'neti.

Mayi anabwerako ali bwino, kupatula kutopa kwa tsiku limodzi. Mpaka lero adzukulu akabwera amawafotokozera momwe njovu ija inkakankhira mwana wake ndi chitamba kuti akwere gombe. Tsopano akufunsa za ku Liwonde, ati akufuna akaone mvuu maso adakali kuona.