Tenti yowumitsira usipa nayo imafuna kupuma

Mvula ikayamba tonse timachidziwa chisoni cha usipa wowolera pa thandala. N'chifukwa chake m'madoko ena ku Mangochi ndi ku Salima mwamangidwa matenti a pulasitiki owumitsira nsomba ndi dzuwa. Komatu tikatseka tenti ponseponse poti itenthe kwambiri, usipa umangochita thukuta, suuma ayi.

Nkhani yagona pa mazenera. Mpweya wotentha umapepuka n'kukwera m'mwamba. Choncho timasiya mazenera m'munsi olowetsa mpweya watsopano, ndi ena kudenga otulutsa wachinyontho. Akudengawo asachepe kuposa am'munsi, chifukwa mbali yothina ndiyo imabweza mpweya wonse. Kukulitsa mazenera onse kawiri kumathandiza mofanana ndi kutalikitsa kanayi mtunda wochokera pa zenera lam'munsi kufika pa lakudenga, ndiye chapafupi n'kukulitsa. Sefa yotchinga ntchentche nayo imachepetsa mpata. Zenera la sefa tizilikulitsako.

Nanga tidziwa bwanji kuti tayeza bwino? Masana tikaona madontho a madzi pa pulasitiki mkati, mazenera achepa. Mkati mukamamveka ngati panja, akula, titsekeko pang'ono.

Nsomba ndi riziki, watipatsa ndi Allah. Zisawolere m'manja mwathu.