Za Mapiri a Mchinji ndi Linga la Manning

Lero tikambe za mapiri aja muwaona tsiku ndi tsiku popita kumunda, pakuti mbiri ya boma lino yatsamira pa mapiri amenewo, ndipo madzi a m'madimba mwanu achokera komweko.

Tiyambe ndi malire. Ambiri a inu muli ndi abale ku Chipata, ndipo mumadabwa kuti chinalekanitsa midzi n'chiyani, pamene anthu ake alankhula chinenero chimodzi nalirana maliro. Azungu polemba malire sanayang'ane midzi ayi, anatsata madzi. Mvula yogwa mbali ino imatsikira m'Rusa ndi m'Bua, nikathira m'nyanja ku Nkhotakota. Yogwa tsidya linalo imatsikira ku Luangwa, nipitirira ku Zambezi. Pamsana pogawikana madziwo ndi pamene padzera malire a Malawi ndi Zambia.

Dziko lino linali la Achewa, ndipo mfumu yomveka kuno inali Mkanda. Angoni anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835 ali ndi Zwangendaba, ndipo patapita zaka zambiri mwana wake Mpezeni anadzakhazikika kuseri kwa mapiriwa, kufupi ndi kumene kuli Chipata lero. Ndicho chifukwa chake mafumu a Chingoni monga Zulu ndi Mlonyeni akhala moyandikana ndi mafumu a Chichewa m'boma limodzi.

Tsono panamveka mbiri yakuti m'dziko la Mpezeni muli golide. Mzungu wina, Carl Wiese, ananena kuti Mpezeni anampatsa dzikolo, ndipo kampani ya North Charterland inadza kudzafuna chumacho. Anyamata a Chingoni, motsogozedwa ndi Nsingu mwana wa Mpezeni, anakana. Mu January 1898 asilikali ochokera kuno ku Nyasaland analowa ndi mfuti zazikulu, ndipo mikondo ndi zishango sizinathe kulimbana nazo. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa, Nsingu anaomberedwa mu February, ndipo nkhalamba Mpezeni inasungidwa kuno ngati wandende isanabwezedwe kwao, kumene inamwalira mu 1900. Inu oweta ng'ombe mudziwa tanthauzo la khola lopanda kanthu. Golide wochuluka uja ankamunenayo sanaoneke.

Mkulu wa asilikaliwo anali William Manning, amene pambuyo pake anakhala Bwanamkubwa wa Nyasaland kuyambira 1911 kufikira 1913. Linga la asilikali linatchedwa dzina lake, Fort Manning, ndipo boma linakula kuchokera pa lingalo, monganso Chipata anali Fort Jameson. Dziko litalandira ufulu mu 1964, maina otere anachotsedwa, ndipo boma linatenga dzina la mapiri ake. Ine ndiona kuti anachita bwino, pakuti mapiriwo analipo Manning asanabadwe.

Mlendo akafika kwanu nafunsa choti aone, musamuuze kuti kuno kulibe kanthu. Mtengereni ku Kachebere, m'tsinde mwa mapiri pafupi ndi malire, kumene Ansembe Oyera anamanga mishoni mu 1903, ndi kumene sukulu yaikulu ya unsembe inatsegulidwa mu 1939. Ansembe ambiri a ku Malawi ndi ku Zambia anaphunzira pamenepo. Muonetseninso njanji, imene inafika kuno kuchokera ku Lilongwe mu 1980, nidikira zaka makumi atatu kuti ilumikizidwe ku Chipata mu 2010.

Koma zazikulu zimene tili nazo si nyumba ayi, ndi miyambo, ndipo yonse yagona pa ulimi. Kumapeto kwa February Angoni amapita ku Mtenguleni ku Ncwala. Tanthauzo lake ndi ili: munthu asadye zatsopano za m'munda Inkosi isanalawe ndi kuthokoza. Mwambowu unaleka pambuyo pa nkhondo ija, nuyambanso mu 1980. Taganizani nzeru yake. February ndi mwezi wa njala, pamene dzanja limayabwa kuthyola mondokwa, ndipo makolo anaika lamulo loti munthu adikire. Kumapeto kwa August, zokolola zili m'nkhokwe, Achewa a m'Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, ku Katete, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo mafumu amafotokoza za m'madera mwao. Gule Wamkulu amene amavinidwa kumeneko ndi m'midzi mwathu muno anazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005. Manda amene ali ndi dambwe ndiwo malo amene mitengo yachilengedwe yatsalabe m'midzi yambiri, chifukwa palibe alimba mtima kulowamo ndi nkhwangwa.

Mapiri alibe mlonda wotere. Nkhalango ya Mchinji ndi yotetezedwa ndi Boma, komabe matumba a makala atsika pa njinga mmawa uliwonse. Mtengo ukachoka paphiri, mvula siilowanso pansi; imathamanga pamwamba, nikokolola nthaka, nikwirira madambo ndi mchenga. Pofika October chitsime chauma, dimba lafota, ndipo ng'ombe ziyenda mtunda wautali kufuna madzi. Mtedza umene watchukitsa boma lino kuyambira masiku a Chalimbana ufuna nthaka yomweyo imene ikupita ndi madzi.

Chotero inu anyakwawa a midzi ya m'tsinde mwa mapiri, udzu usanaume itanani anthu anu. Lambulani njira zotchinga moto, gwirizanani za malo amene nkhwangwa siloledwa, makamaka pa akasupe ndi m'mbali mwa mitsinje, ndipo pamsonkhanopo muitane akuluakulu atchule maina a mapiri ndi timitsinje tonse ana akumva. Mlangizi wa m'dera lanu adzakuuzani kumene mungapeze mbande za mitengo mvula isanagwe. Tsalani bwino.