Kodi Mphere Zingapimidwe M'magazi?

Tsiku lina pa sikelo ya ana, mayi wina anandiimitsa pakhonde ali wokwiya. Mwana wake anali atakhala milungu itatu osagona tulo chifukwa cha kuyabwa, koma adokotala anangomuona m'manja ndi m'mimba, n'kunena kuti ndi mphere. "Sanamubaye n'komwe chala," anatero mayiyo. "Adziwa bwanji?"

Funso limeneli ndi la nzeru. Tinazolowera kuti malungo amapimidwa ndi kadontho ka magazi, ndipo kachilombo ka HIV nakonso chimodzimodzi. Nanga mphere zikutsaliranji? Akatswiri nawonso akhala akudzifunsa zomwezi kwa zaka zambiri.

Poyamba tidziwe chimene chimayambitsa nthendayi. Mphere sizichokera m'magazi oipa monga ena amanenera, kapena m'chakudya. Zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Sarcoptes scabiei, kakang'ono kwambiri, kosafika ngakhale theka la milimita. Anthu awiri a ku Italy, Bonomo ndi Cestoni, ndiwo anaonetsa m'chaka cha 1687 kuti kachilomboka ndiko gwero la mphere. Kakakazi kamakumba kanjira m'khungu lapamwamba ndi kuikiramo mazira awiri kapena atatu pa tsiku. Mazirawo amaswa pakapita masiku atatu kapena anayi, ndipo pomatha milungu iwiri anawo amakhala atakula. Kachilomboka sikalowa m'mitsempha. Moyo wake wonse kamakhala pakhungu.

Apa ndiye pali kusiyana ndi malungo. Kachilombo ka malungo kamakhala m'magazi mwenimwenimo, tsono popima timapeza iko komwe kapena zinthu zimene kamatulutsa. M'magazi a munthu wa mphere mulibe kachilombo koti tikapeze. Chimene chingapezeke ndi yankho la thupi basi. Thupi likazindikira kuti lalowedwa ndi mdani, limapanga tizida tolimbana ndi mdani ameneyo, timene madokotala amatitcha ma antibody, ndipo timayenda m'magazi. Ganizo la akatswiri ndi lakuti tikapeza tizida topangidwira kachilombo ka mphere, ndiye kuti mwini magaziwo ali ndi mphere.

Njira imeneyi si maloto chabe. Madokotala a ziweto a m'maiko ena amaigwiritsa ntchito kale pofufuza mphere za agalu ndi nkhumba, ndipo ku Australia ndi ku America ofufuza akhala akuiyesa pa anthu. Komabe mpaka lero palibe chipimo cha magazi chimene chinavomerezedwa kuti zipatala zizidalira popeza mphere za anthu. Zifukwa zake zimamveka bwino tikaganizira za mlimi amene wadzuka m'mawa n'kupeza mapazi a chilombo pafupi ndi khola.

Mapaziwo amamuuza kuti fisi anadutsa. Samuuza ngati fisiyo akadali pafupi, kapena anapita kalekale. Tizida tam'magazi natonso timatsalira munthu atachira, kotero kuti wochira mwezi watha akhoza kuoneka ngati akudwalabe. Pa HIV vuto limeneli palibe, pakuti kachilombo kameneko kakalowa sikachoka m'thupi. Koma mphere zimachiritsika, ndipo munthu akhoza kuzitenganso kawiri kapena katatu.

Komanso mapazi a galu wamkulu akhoza kumunamiza mlimi uja. M'fumbi la m'nyumba zathu, m'mabulangete ndi m'matiresi, mumakhala tizilombo tina tachibale ndi ka mphere, timene sitikumba khungu ayi. Anthu ambiri ali kale ndi tizida tolimbana ndi tizilombo ta m'fumbito, ndipo chipimo chimalephera nthawi zina kusiyanitsa mitundu iwiriyi. Ili ndilo lakhala vuto lalikulu koposa, ndipo ntchito ya ofufuza ndi kupeza kachigawo ka thupi la kachilombo ka mphere kamene abale akewo alibe. Palinso nkhani ya nthawi: thupi limatenga milungu kuti lipange tizida tokwanira, choncho amene wangozitenga kumene akhoza kuoneka ngati alibe kanthu.

Nanga n'chifukwa chiyani akatswiri sakugwa mphwayi? N'chifukwa chakuti kupeza kachilombo kenikeniko n'kovuta. Munthu amene akukanda thupi lonse amakhala ndi tizilombo 10 kapena 15 tokha. Wazachipatala akhoza kupala pakhungu ndi kuika zopalazo pa maikulosikopu, koma kawirikawiri saona kanthu ngakhale mphere zilipodi. Ndiponso pa matenda oyamba kuyabwa kumachedwa milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, pamene munthuyo akupatsira kale anzake. Bungwe la World Health Organization limati pa nthawi ina iliyonse anthu osachepera 200 miliyoni ali ndi mphere, ndipo mu 2017 linaika nthendayi pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha. Chipimo chodalirika chikadzapezeka chidzathandiza kwambiri m'masukulu ogonera, m'ndende ndi m'misasa ya anthu othawa kwawo.

Pakali pano, chipimo chathu ndi maso ndi mafunso, ndipo musachipeputse. Mu 2020 akatswiri a maiko osiyanasiyana anagwirizana pa mfundo zodziwira mphere, ndipo zambiri mwa izo sizifuna makina. Wazachipatala amaona pamene pali tiziphuphu: pakati pa zala, m'mikono pafupi ndi dzanja, m'khwapa, m'chiuno, m'matako, kumaliseche, ndipo kwa makanda ngakhale m'zikhatho, kuphazi ndi kumutu. Amafunsa ngati kuyabwa kumakula usiku. Koposa zonse amafunsa ngati kunyumba aliponso wina amene akukanda. Apa ndipo ambiri mumatisokoneza, chifukwa cha manyazi mumati, "Ndi mwana yekhayu," chonsecho inu mukukanda pansi pa chitenje. Mphere zimagwira ndi aukhondo omwe. Zimayenda pokhudzana khungu kwa nthawi yaitali, monga pogona mphasa imodzi.

Mukapatsidwa mankhwala opaka, kaya ndi benzyl benzoate kapena permethrin, pakani thupi lonse kuyambira m'khosi mpaka kuzala za kumapazi, osati potupa pokha. A m'nyumba monse apake tsiku limodzi, ngakhale amene sanayambe kukanda. Za makanda ndi amayi oyembekezera funsani kaye kuchipatala, pakuti mlingo wawo ndi wina. Zovala ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha, kapena zimangidwe m'thumba la pulasitiki kwa sabata, chifukwa kachilomboka sikakhala masiku opitirira atatu kunja kwa thupi. Kuyabwa kukhoza kupitirira milungu iwiri kapena inayi tizilombo titafa kale.

Koma mukaona zilonda za mafinya, bwererani msanga, ndipo makamaka mwana akatupa nkhope kapena mkodzo wake ukada ngati tiyi. Majeremusi olowera m'mabala okanda amatha kuwononga impso. Pamenepo ndiye adokotala angafune mkodzo ndi magazi, kuti aone mmene impsozo zikugwirira ntchito.