Chifukwa chomwe nkhokwe ya pakompyuta imasungira mayankho awiri

Maboma ndi magulu a asilikali amasunga nkhani zawo m'nkhokwe za pakompyuta zomwe anthu a maudindo osiyanasiyana amagwiritsa ntchito limodzi. M'dziko la America, nkhani zachinsinsi zili m'milingo itatu: Confidential, Secret ndi Top Secret. Munthu amaloledwa kuona za pamlingo wake ndi za pansi pake basi.

M'chaka cha 1973, David Bell ndi Leonard LaPadula a bungwe la MITRE adakhazikitsa malamulo awiri oteteza chinsinsi: munthu asawerenge za pamwamba pa mlingo wake, ndipo wapamwamba asalembe pomwe wapansi angawerenge. Mu 1977, Kenneth Biba adatembenuza malamulowa pofuna kuteteza chinthu china, chomwe ndi kulondola kwa nkhani. Zolinga ziwirizi nthawi zina zimawombana.

Taganizirani sitima yapamadzi yomwe yanyamula zida zankhondo, ndipo izi zalembedwa pamlingo wa Secret. Kalaliki wa padoko, yemwe saloledwa kuziona, akuyesa kulemba kuti sitimayo inyamula chimanga. Kompyuta ikamukaniza ponena kuti katundu adalembedwa kale, ndiye kuti yaulula kuti pali chobisika. Ikamulola kufufuta zomwe zilipo, uthenga woona watayika.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri a polojekiti ya SeaView ku SRI International adatsata njira yotchedwa polyinstantiation. Nkhokwe imasunga zolemba zonse ziwiri: kalaliki amaona chimanga chokha, pomwe mkulu wa asilikali amaona zida ndi chimanga chomwe.

Chinsinsi chimasungika, koma pali chotayika. Lamulo lakale lakuti chinthu chimodzi chikhale ndi mzere umodzi m'nkhokwe limasweka. Kalaliki uja angathe kutumiza malole a chimanga kusitima yodzaza kale, ndipo wowerengetsera katundu yense angaiwerenge sitimayo kawiri.

Ravi Sandhu ndi Sushil Jajodia adapereka njira ina: kumuuza wapansi poyera kuti malowo ndi oletsedwa. Apa iye amadziwa kuti chinsinsi chilipo, koma sadziwa kuti n'chiyani.

Choncho okonza nkhokwe zotere ayenera kugamula msanga ngati chobisikacho chili choopsa kwambiri moti ngakhale kupezeka kwake sikuyenera kudziwika. Ngati zili choncho, pafunika mkulu wokhoza kuona milingo yonse, woti aziyanjanitsa zolembazo malole asananyamuke.