Anthu Anakwera Ndeke Kutsata Nyimbo M'cipululu

Oimba ochuka amayendayenda m'maiko kutsata anthu. Mai Celine Dion a ku Canada, amene ndi otsiriza kubadwa m'banja la ana 14, anautembenuza mwambo umenewu: iwo anakhazikika pamalo amodzi, ndipo anthu ndiwo anawatsata.

Malowo ndi Las Vegas, mzinda wa m'cipululu ca Nevada ku America. Eni ake a hotela ya Caesars Palace anawamangira nyumba yoimbiramo yokhala anthu oposa 4,000. Kuyambira mu March 2003 kufikira December 2007, maiwa anaimbamo nthawi 717, ndipo oonerera anatsala pang'ono kukwana mamiliyoni atatu. Ambiri anafika pa ndeke kudzamva nyimbo zacikondi zoimbidwa modekha, makamaka ija ya m'kanema wa Titanic. Mu 2011 anayambanso, nalekeza mu 2019.

Mlendo akafika mumzindamo amayamba wadabwa. Kunja kuli dzuwa looca ndi nthaka youma gwa, koma pakhomo pa mahotela pali maiwe ndi akasupe. Madzi ambiri a mumzindamo acokera ku nyanja ya Mead, imene inapangika pociinga mtsinje wa Colorado, monga momwe Zambezi anabalira Kariba wathu.

Koma eni hotela sanamange nyumbayo cifukwa cokonda nyimbo cabe, iai. Khomo lake lili m'kati mwa bwalo la njuga. Munthu poturuka, mtima utafewa ndi nyimbo, amadzera pakati pa makina odya ndalama asanafike kogona.