Matauni a kwathu ndi kwa anansi: Kasanda, komboni ya pa dothi la mtovu

Mu mndandanda wathu wa matauni, sabata ino tafika ku Kabwe, likulu la chigawo chapakati cha dziko la Zambia. Tauniyi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 140 kumpoto kwa Lusaka, pa msewu ndi njanji zopita ku Copperbelt, ndipo boma lake lili ndi anthu pafupifupi 300,000. Okonda mpira amaidziwa chifukwa cha Kabwe Warriors ndi Godfrey Chitalu, katswiri amene anamwetsa zigoli 107 m'chaka cha 1972. Okonda ndale amakumbukira thanthwe la Mulungushi, kumene chipani cha UNIP chinkachitira misonkhano yake ikuluikulu. Koma akatswiri a miyala, dothi ndi madzi akamva dzina loti Kabwe, maganizo awo amathamangira ku komboni imodzi yomwe ili mphepete mwa mgodi wakale. Komboniyo ndi Kasanda.

Kasanda inamangidwa ndi eni mgodi kuti muzikhala antchito achikuda ndi mabanja awo. Dera lino ndi la Alenje, koma mgodi unakoka anthu a mitundu yambiri, kuphatikizapo ochokera kum'mawa kwa Zambia ndi ku Nyasaland, kotero kuti mpaka lero pamsika mumamva Chibemba ndi Chinyanja zikulowerana. Poyang'ana ndi maso, Kasanda ndi komboni wamba: nyumba zamzeremzere za pamgodi, timaokala, matchalitchi, ana akuthamangitsa mpira wa mapepala pa bwalo lafumbi. Chimene chimaisiyanitsa ndi makomboni ena sichioneka, sichinunkha, ndipo sichimveka pakamwa. Chili m'dothi.

Chuma cha pansi pa nthaka

M'chaka cha 1902, mzungu wofufuza miyala, T.G. Davey, anapeza mtovu ndi zinki m'timapiri ta pamalopa, nkuwatcha malowo Broken Hill potengera mgodi wotchuka wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906. Mu 1925 damu la Mulungushi linayamba kupereka magetsi ku mgodiwo. Dzina loti Kabwe linakhazikitsidwa mu 1966, dziko litalandira kale ufulu, ndipo mgodi unatsekedwa mu 1994 uli m'manja mwa kampani ya boma ya ZCCM.

Pansi pa tauniyi pali thanthwe la dolomite, lomwe ndi mbale wake wa mwala wa laimu, ndipo linapangika zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo. Mkati mwa thanthwelo munali mitsitsi ikuluikulu ya miyala ya mtengo wapatali yolowa pansi motsetsereka. Pakati pa mtsitsi uliwonse panali galena, mwala wa mtovu, ndi sphalerite, mwala wa zinki. M'mbali mwake, momwe madzi ndi mpweya zinadya mwalawo kwa zaka zosawerengeka, munabadwa miyala ina monga willemite ndi cerussite. Miyala iwiri, tarbuttite ndi parahopeite, asayansi anaiona koyamba pa dziko lonse kuno ku Kabwe, ndipo zidutswa zake zili m'nyumba zosungiramo miyala za maiko ambiri. Katswiri wa miyala Fred Kamona ndi mnzake Günther Friedrich analemba mu 2007 kuti mgodiwu unatulutsa matani pafupifupi 1.8 miliyoni a zinki ndi matani 800,000 a mtovu, kuwonjezera pa siliva, vanadium ndi cadmium.

Mgodi womwewu unapatsanso dziko mphatso ina. Pa 17 June 1921, wokumba wina wochokera ku Switzerland, Tom Zwiglaar, pamodzi ndi anthu amene ankagwira nawo ntchito, anapeza chigaza cha munthu wamakedzana m'phanga la m'thanthwelo. Kafukufuku wa mu 2020 anasonyeza kuti chigazacho chili ndi zaka pafupifupi 299,000. Mpaka lero chili ku Natural History Museum ku London, ngakhale boma la Zambia lakhala likupempha kuti chibwerere kwawo. Zitsulo zinapita, miyala yokongola inapita, chigaza chinapita. Chomwe chinatsalira anthu a ku Kasanda ndi milu ya zinyalala za mgodi, matani oposa 6 miliyoni malinga ndi bungwe la Human Rights Watch, ndipo waukulu mwa miluyo anthu amautcha Black Mountain.

Mphepo inasankha Kasanda

Chifukwa chiyani Kasanda inavulala koposa makomboni ena? Yankho lili pa mphepo. Miyezi yambiri ya pachaka, makamaka m'chilimwe, mphepo ya ku Kabwe imachokera kum'mawa ndi kummwera chakum'mawa. Kasanda inamangidwa chakumadzulo kwa ng'anjo zosungunulira miyala, ndiye kuti utsi wonse wa m'machumuni ndi fumbi lonse la pa milu zinkatsikira pa madenga, m'mabwalo ndi m'madimba ake, kenako nkupitirira ku komboni ya Makululu.

Izi sizinadziwike dzulo. Pakati pa 1971 ndi 1974, dokotala wa pamgodi, A.R.L. Clark, anayeza mpweya, dothi, ndiwo zamasamba ndi magazi a ana, ndipo mu 1975 anapereka zotsatira zake ku London School of Hygiene and Tropical Medicine. Anasonyeza kuti ana a ku Kasanda anali ndi mtovu wochuluka m'magazi, ndipo analoza chala pa utsi wa m'ng'anjo ndi mphepo. Zaka makumi asanu zadutsa chilembereni zimenezo.

Patapita zaka pafupifupi khumi mgodi utatsekedwa, kafukufuku wa pansi pa ntchito ya Copperbelt Environment Project, yomwe inathandizidwa ndi World Bank, anayeza dothi komboni ndi komboni. Mulingo wapakati ku Kasanda unali mamiligalamu 3,008 a mtovu pa kilogalamu iliyonse ya dothi. Ku Makandanyama unali 1,613, ku Chowa 1,233, ku Mutwe Wansofu 1,148, ku Makululu 870. Nthawi imeneyo dziko la America linkati dothi la posewerera ana lisapitirire 400, ndipo mu 2024 linatsitsa mulingowo kufika pa 200. A Backsion Tembo ndi anzawo a ku University of Zambia anafalitsanso zotsatira zawo mu 2006, ndipo mu 2019 gulu la a Bohdan Kříbek a ku Czech Geological Survey, mogwirizana ndi Pulofesa Imasiku Nyambe a ku University of Zambia, linajambula mapu osonyeza mmene mtovu unafalikira. Mapu onsewa amanena chimodzimodzi: ukayandikira mgodi mtovu ukuchuluka, ndipo mchira wake watambalala motsatira mphepo.

Mtovu suola ndipo suuluka nkutha. Ukagwera pansi umakakamira ku dongo ndi ku zinyalala zowolerana za m'nthaka, nkukhazikika pamwamba penipeni, pomwe mwana amakwawa ndi pomwe mayi amasesa m'mawa uliwonse. Ofufuza a ku Charles University ku Prague, motsogozedwa ndi Vojtěch Ettler, anaika fumbi la pa milu ya ku Kabwe m'madzi owawasa ofanana ndi a m'mimba mwa munthu, ndipo anapeza kuti mtovu wambiri umasungunuka. Fumbi lomwe mvula imalephera kulisungunula, mimba ya mwana imalisungunula.

Nkhani ya madzi

Thanthwe la dolomite limadyeka ndi madzi pang'onopang'ono, nkupanga ming'alu ndi mapanga momwe mumasungika madzi ochuluka. Chifukwa cha ichi, mgodi wa Kabwe unali wa madzi ambiri, ndipo makina ankapopa usana ndi usiku kuti anthu athe kukumba. Madzi opopedwawo ankatayidwa mu ngalande yaikulu yodutsa m'makomboni a kum'mawa kwa mgodi kulowera ku mtsinje wa Muswishi. Makina atazimitsidwa mu 1994, madzi apansi anakwera nkudzaza maenje akale.

Munthu angaganize kuti poizoni wamkulu ali m'madzi akumwa, koma ofufuza apeza kuti njira yaikulu yomwe mtovu umalowera m'thupi ndi fumbi ndi dothi. Madzi odutsa mu dolomite sakhala owawasa, ndipo m'madzi otere mtovu susungunuka msanga. Umakhazikika pansi pamodzi ndi matope. Apa thanthwe lomwe linabala mtovu likutetezanso madzi apansi. Koma ngozi imasamukira m'matope a mu ngalande. Ngalande ikasefukira m'dzinja, matopewo amalowa m'mabwalo a nyumba ndi m'madimba, ndipo akauma amasanduka fumbi.

Madzi alinso ndi mbali ina pa nkhaniyi. Uphungu womwe azaumoyo amapereka ku Kasanda ndi woti anthu abzale kapinga pabwalo, aziwaza madzi asanasese, azikolopa m'nyumba ndi nsanza yonyowa, azisambitsa ana m'manja asanadye. Zonsezi zimafuna madzi, ndipo madzi a pampopi ndi olipira. Banja lomwe likuvutika kupeza ufa silingathirire kapinga kuyambira May mpaka November. Choncho kupereka madzi okwanira ndi otsika mtengo ku Kasanda si nkhani ya ludzu lokha ayi. Ndi mankhwala olimbana ndi mtovu.

Zomwe magazi a ana akunena

Bungwe la World Health Organization limati palibe mulingo wa mtovu m'magazi womwe ndi wabwino. Ukafika pa 5, poyeza ma microgram pa desilita imodzi ya magazi, pafunika kuchitapo kanthu. Ukafika pa 45, mwana amafunika mankhwala ochotsa mtovu m'thupi. Mu 2015, Dr John Yabe a ku University of Zambia ndi anzawo a ku Hokkaido University ya ku Japan anafalitsa zotsatira za ana 246 a ku Kasanda, Makululu ndi Chowa. Onse anapitirira 5. Ku Kasanda, ana 57 mwa 100 alionse anapitirira 65, ndipo mwana mmodzi mwa onse oyezedwawo anafika pa 427.8. Kafukufuku wina wa gulu lomweli, wa mu 2020, anayeza anthu 1,190 m'madera osiyanasiyana a Kabwe, ndipo Kasanda inatsogolanso.

Mwana wamng'ono amayamwa mtovu m'matumbo mwake kanayi kapena kasanu kuposa munthu wamkulu. Mtovu umaononga ubongo womwe ukukula, umachepetsa magazi, umapweteka impso, ndipo ukachuluka kwambiri umabweretsa kukomoka ngakhale imfa. Umabisalanso m'mafupa kwa zaka zambiri, nkutuluka pamene mayi ali woyembekezera, kukafika kwa mwana wosabadwa. Mphunzitsi akamadandaula kuti mwana sagwira za m'kalasi, kholo likamakalipira mwana kuti ndi woiwalaiwala, mwina mlandu si wa mwanayo.

Kuyambira mu 2016, mgwirizano wa mayunivesite awiriwa, wotchedwa KAMPAI, unayezanso mbuzi, nkhuku, agalu, makoswe ndi abuluzi, ndipo nazonso zinapezeka ndi mtovu. Gululi linayesanso njira zothetsera vutoli. Ina mwa njirazo ndi kusakaniza zinyalala za mgodi ndi dolomite wootcha kuti mtovu umangike usamayende. Ina ndi kuchotsa mtovu ndi zinki zotsalira m'zinyalalazo.

Chatsala nchiyani?

Si kuti palibe chomwe chachitika. Ntchito ya Copperbelt Environment Project inatha mu 2011. Mu 2016 World Bank inavomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni ya ntchito ina, ZMERIP, yomwe inathandiza kuyeza ndi kuchiza ana, kukonza mabwalo a nyumba zina ndi ngalande. Mu October 2020, maloya a Mbuyisa Moleele ndi Leigh Day anakasuma ku khoti lalikulu la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi pafupifupi 140,000, kusumira kampani ya Anglo American South Africa, yomwe inali ndi gawo pa mgodiwu kuyambira 1925 mpaka 1974. Kampaniyo imakana mlandu. Mu December 2023 khotilo linakana kuti mlanduwo upitirire ngati wa gulu, ndipo odandaulawo anachita apilo.

Koma gwero la fumbi likadali poyera. Milu ya zinyalala sinakwiriridwe, ndipo achinyamata osowa ntchito amakumba momwemo kufunafuna miyala yogulitsa, pomwe magalimoto onyamula zinyalalazo amatimula fumbi m'misewu. Kuchiza mwana nkumubwezera pa bwalo lomwelo kuli ngati kutunga madzi ndi dengu. Achinyamatawo sitingawadzudzule tisanawapatse njira ina yopezera chakudya, komanso sitinganamizire kuti fumbi lomwe akutimula silifika m'mapapo mwa ang'ono awo.

Ife a ku Malawi nkhaniyi isatipite patali. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ku Kayelekera m'boma la Karonga, ku Kangankunde m'boma la Balaka, ku Songwe m'boma la Phalombe ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe kuli miyala yosiyana ndi ya ku Kabwe, koma mafunso ake ndi omwewo. Kodi dothi ndi madzi zinayezedwa khasu lisanagwe, ndipo zotsatira zake anthu a m'midzi anauzidwa m'chinenero chawo? Kodi mphepo imaomba kulowera kuti, ndipo kumeneko kukugona ndani? Kodi ndalama zodzatsekera mgodi zasungidwa kuti?

Ku Kasanda asayansi anachita mbali yawo. Anayeza thanthwe, mphepo, madzi, dothi ndi magazi, ndipo kuyambira 1975 yankho lawo silinasinthe. Chomwe chikufunika tsopano si kafukufuku winanso wotsimikizira kuti mtovu ulipo. Boma la Zambia ndi makampani amene anapindula kapena akupindula ndi malowa akwirire milu ija, achotse kapena kuphimba dothi la m'mabwalo a nyumba, m'masukulu ndi m'misewu, afikitse madzi okwanira m'komboni, ndipo mwana aliyense wa ku Kasanda ayezedwe magazi ndi kulandira chithandizo mwaulere.