Chipsera pa Galasi la Wailesi Yakanema

Kodi munaonapo mphasa yoperepeseka malo amodzi chifukwa agogo amakhala pomwepo tsiku ndi tsiku? Wailesi yakanema nayonso imatha chimodzimodzi.

Galasi la wailesi zazikulu za mtundu wa OLED, zotchedwa 4K, lili ndi timadontho toposa 8 miliyoni. Kadontho kalikonse kamawala pakokha ngati kanyali. Tsono m'maseŵera a pa kanema muli zinthu zina zosasuntha, monga manambala oŵerengera zigoli. Timadontho ta pamenepo timayaka maola ambiri osapuma, choncho timafooka msanga kuposa tinzake. Potsiriza chithunzithunzi cha manambalawo chimatsalira pagalasi, ngakhale pamene mukuonera nkhani. Chipsera chotere sichichoka ndi nsalu kapena sopo. Chimafuna galasi latsopano, ndipo galasi lalikulu ndi lodula kwambiri.

N'chifukwa chake banja lokonda maseŵera lingachite bwino kugula wailesi ya LCD, imene ogulitsa amaitchanso LED. Kuwala kwake kumachokera ku nyali za kuseri kwa galasi, motero siipsa wamba. Kungoti mtundu wakuda suoneka wakuda bii monga pa OLED. Amene ali nayo kale ya OLED achepetse kuwala kwake, ndipo aziizimitsa akamapita kukadya nsima.